Makope a Anankhoma ndi Nambala Yokana Kugawika

Iwe Tadala, bweza kopelo m'bokosi momwe walitenga. Mbaula uyatsire zitsononkho, zili mbwee kuseri kwa nkhokwe. Nawe Yankho, leka kukanda foniyo, sithawa. Khalani apa pamthunzi ana inu, ndikuuzeni zimene zili m'makopemo, popeza ndaona kuti mukuyesa zinyalala. Alipo makumi awiri ndi asanu ndi awiri, ndipo onse ndi a nambala imodzi. Anawalemba ndi malemu agogo anu aakazi, Anankhoma, kupatula awiri okha amene ndinalemba ine ndekha. Mmene ndinafikira polemba awiriwo mumva kutsogoloku.

Nkhaniyi inayambira ku Joni. Ine ndinabadwira ku Tsangano, kumtunda kozizira kuja, kumene kachewere tinkadya mpaka kutopa naye. Masiku amenewo mnyamata akangomera ndevu ankakalembetsa za kumigodi. Sikunali kulimba mtima, aliyense ankapita basi. Anatiyeza pachifuwa, anatikweza pasikelo ngati matumba a nyemba, ulendo n'kuyambika. Inu lero wopita ku Joni amakhala pampando wofewa m'basi, n'kumatumiza zithunzi ali pamalire. Ife kalata inkayenda miyezi iwiri, ndipo pofika nkhani zake zinkakhala zitasintha kale.

Ku komponi, kumene tinkagona antchito, ndinapalana ubwenzi ndi mkulu wina dzina lake Zuze. Kwawo kunali tsidya la Mozambique, pafupi ndi kwathu komwe, moti tinkalankhula chinenero chimodzi. Iye sankalowa pansi. Ankagawa nyali za pachipewa, chifukwa anaphunzirako kwa ansembe a Chipwitikizi. Lamulungu masana tinkasewera bawo. Tsiku lina nditamudya kawiri motsatizana, anakhuthula nkhomo zonse pansi n'kundifunsa.

"Ngozo, pabawo pali maenje angati?"

"Makumi atatu ndi awiri."

"Limodzi ulisiye. M'dzenje loyamba uike njere imodzi ya mpunga, lachiwiri ziwiri, lachitatu zinayi, lachinayi zisanu ndi zitatu. Uzingowirikiza choncho mpaka maenje makumi atatu ndi limodzi. Njere zonse pamodzi zingakhale zingati?"

Ndinati mwina lichero limodzi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako analemba nambala pakapepala ka m'paketi ya ndudu.

"Mabiliyoni awiri ndi kanthu," anatero. "Koma kukulako si nkhani. Njere zimenezi sungazigawe mofanana. Kaya anthu ndi awiri, atatu, zana, chikwi, nthawi zonse pamatsala zina. Pokhapokha munthu mmodzi atenge zonse, kapena aliyense alandire kanjere kamodzi."

Kapepalako ndinakasunga. Katayamba kung'ambika, ndinatenga msomali n'kukopera nambalayo mkati mwa chivundikiro cha bokosi la makope lomweli. Mukatsegula muiona, idakalipo. Musaikhulupirire, ndi yolakwika.

Ndinabwera kumudzi ndi njinga, jekete, wailesi ndi nambala. Njinga ndi wailesi anzanga analinso nazo, koma nambala ndinali nayo ndekha. Ndinkaitulutsa paliponse, pamowa, pamsika, ngakhale pamaliro anthu akamadikira bokosi. Ndinkailemba padothi n'kunena kuti palibe mwamuna angaigawe. Anthu ankangopukusa mitu, ine n'kumadziona wanzeru.

Tsiku lina kunali ukwati wa mnzanga wa kumgodi kufupi ndi Lizulu. Lizulu wake si uyu wa lero wa malole ndi kabichi wodzadza msewu. Anali amayi ochepa m'mphepete mwa msewu, ena ochokera kuchigwa atasenza mpunga kudzasinthitsa ndi kachewere. Amuna atavina ngoma n'kupumula, ine ndinayamba zanga zija. Ndinalemba padothi 2,144,483,644. Mtsikana wina wamtali amene ankatolera mbale anaima n'kusuzumira.

"Pepani achimwene, mwati imeneyi siigawika?"

"Ngakhale aphunzitsi analephera," ndinanama.

"Koma yathera ndi 4. Nambala yothera ndi 4 imagawika pawiri. Zimenezo n'za Sitandade 2."

Anthu anaseka kwambiri. Iye sanaseke. Anaika mbale pansi, anandifunsa mmene nambalayo inabwerera, ndipo nditafotokoza za bawo anatola kamtengo. Anandionetsa kuti 1 ndi 2 zikupanga 3, yoperewera imodzi kuti ikwane 4. Ukawonjezera 4 zikupanga 7, yoperewera imodzi kuti ikwane 8.

"Ndiye palibe chifukwa chowonkhetsera zonse," anatero. "Tingowirikiza mpaka dzenje munasiya lija, tichotsepo imodzi."

Anayenda chogwada akulemba, mzere pansi pa mzere, mpaka anafika pamtondo wa eni nyumba. Pomaliza panali 2,147,483,647.

"Mnzanuyo 7 amalemba bwanji?"

Apo mpamene ndinakumbukira. Zuze, monga onse ophunzira kwa Apwitikizi, 7 ankamudula kamzere pakati. Ine ndinayesa 4, malo onse awiri. Zaka ziwiri ndinakhala ndikudzitama ndi nambala yolakwika, ndipo palibe anaona.

"Basi, iyi ndiye yosagawikayo," ndinatero pofuna kudzipukuta manyazi.

"Munayesa?"

"Zuze ananena."

"Iyeyo anayesa?"

Anatola mbale zake n'kumapita. Ameneyo ndiye anali Esinala, agogo anu Anankhoma. Chilimwe chotsatira ndinatuma ankhoswe.

Ndinakakhala chikamwini kwawo kuno ku Bwanje. Munthu wa ku Tsangano kutsikira kuchigwa, chaka choyamba ndinkangokhala ngati andiika mu uvuni. Udzudzu nawo unandilandira bwino. Mpunga nthawi imeneyo tinkadalira mvula ndi madzi osefukira, kupuntha ndi ndodo, kusinja mumtondo. Inu mumangonyamula thumba kupita kuchigayo n'kumadandaula kuti mzere watalika. Agogo anu ankasinja mitondo itatu dzuwa lisanakwere, manja kuchita zikang'a. Ine ntchito yanga ina inali yokankha njinga ya mpunga kukwera mapiri mpaka ku Lizulu, kubwerako nditamanga kachewere ndi nyemba.

Sukulu iwo analekezera Sitandade 6. Masamu ankaposa kalasi yonse, koma bambo awo anati mtsikana wawerenga zokwanira, apitirize ndi alongo ake. Sindinawamvepo akudandaula za zimenezo. Kungoti titangokwatirana anandipempha sileti, osati nsalu. Masana dzuwa likafika pamutu, anthu onse atabisala m'mithunzi, iwo ankakhala pansi pa bwemba uyu n'kumagawa nambala ija.

Anagawa ndi 3, inatsala imodzi. Ndi 5, zinatsala ziwiri. Ndi 7, imodzi. Ndi 11, imodzinso. Ndi 13, zinatsala khumi. Ndinawafunsa kuti kodi adzayesa manambala mabiliyoni awiri onse, popeza ngakhale zidzukulu za zidzukulu sizingamalize. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowa.

"Ngati 2 wakana, ndiye kuti 4, 6, 8 ndi anzawo onse akana. Ngati 3 wakana, 9 ndi 15 ndiwayeserenji? Ndikungofuna okhawo amene nawonso sagawika."

Manambala otero aphunzitsi anu amawatcha mapulayimu, si choncho Yankho? Iwo ankangoti ouma mutu. Kuti awapeze, ankalemba manambala onse m'mizere n'kumadula ogawika, ngati akupeta mpunga. Otsala ndiwo ankayesera. Apo sileti inachepa, anayamba makope. Pensulo ankasongola ndi lezala mpaka itatsala ngati chala chaching'ono, kenako ankaiika m'kabango kuti igwirike.

Patapita miyezi anandiuzanso china. Anati ogawa nambala amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, monga 5 ndi 7 pa 35. Ukapeza wamng'ono, wamkulu wapezeka kale. Ndiye anafufuza nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imadutsa nambala yathu ija, ndipo anapeza 46,341.

"Ndikafika pamenepo osapeza kanthu, ndiye kuti kutsogolo kulibenso," anatero. "Ouma mutu a pansi pake sakwana zikwi zisanu. Mmodzi patsiku, zaka khumi ndi zitatu."

Zinatenga zaka makumi awiri ndi zitatu. Powerenga paja sanaikemo mimba, kuamira mbalame, maliro ndi malungo. Anabadwa Juliyasi, bambo ako iwe Tadala. Anabadwa Agnesi. Anabadwa Roza, mayi ako iwe Yankho. Agnesi simumudziwa, anatisiya ali ndi zaka zinayi, chikuku. Zitatero makope anakhala m'bokosi zaka ziwiri osatsegulidwa. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinawapeza pansi pa bwemba, pensulo ili m'manja.

Anthu ankalankhula, monga mwa anthu. Ena ankati mkazi wa a Ngozo mutu sukuyenda. Amayi awiri a kumpingo anabwera kudzaona ngati m'makopemo muli maina a anthu. Agogo anu anawayalira mphasa, anawapatsa makope onse, n'kuwapempha kuti akapeza cholakwika awauze. Amayiwo anatsegula masamba atatu, anamwa thobwa, anatsanzika.

Tsopano za makope anga awiri aja. Ine ndinkasuta chingambwe, fodya wopichira wekha. Chaka china mapepala anasowa, ndipo khoko la chimanga linkandikanda kukhosi. Ndinaona makope ali mulu, ndinati odzadza kale sagwiranso ntchito. Ndinathothola tsamba limodzi pakati pa kope lapansi. Mawa lake lina. Pepala la kope limapsa bwino, ndisaname. Pofika nthawi yokolola, makope awiri anali atatsala zikuto zokhazokha.

Anazindikira Loweruka lina m'mawa. Ndikuchokera kumunda ndinapeza bokosi langa lili pabwalo, jekete lili pamwamba pake, njinga atayedzamiritsa pambali. Iwo anali pakhonde akusankha nyemba.

"Amake Juliyasi, katunduyu akutani panja?"

"Akudikira mwini wake. Njira ya ku Tsangano mukuidziwa."

Mkamwini alibe mawu ambiri. Ndinakakhala kwa amalume awo, a Bikitoni, amene anali nkhoswe ya kuchikazi, ndipo ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga, nkhoswe yanga. Anayenda masiku awiri. Atamva mlandu wake anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Alamu, ndasiya kachewere m'munda chifukwa cha mapepala? Ine ndimayesa mng'ono wangayu wagwidwa ndi mkazi wa mwini."

"Akanawotcha nkhokwe mukanabwera mukuthamanga," anayankha agogo anu. "M'mapepalamo munali chaka ndi theka."

A Bikitoni anayesa kuziziritsa. Anati mwamuna agule makope awiri atsopano, apepese, nkhani ithe.

"Makope ogula amabwera opanda kanthu, amalume. Alembemo zimene anasuta. Manambala mazana anayi. Akavomera, bokosi lilowe."

Ankhoswe onse awiri anayang'ana ine. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, masamu ogawa sindinawafike. Koma ndinaona kuti mkaziyu sakuseka, ndiponso ndinali ndi ana awiri m'nyumbamo. Ndinavomera.

Choncho ndinayamba kuphunzira kugawa ndili ndi imvi zoyamba. Ankandikhazika pamphasa masana, ana anga omwe akusuzumira n'kumaseka. Sankakalipa. Ndikamaliza ankati ndichulukitse yankho langa ndi nambala yogawira, ndiwonjezere zotsala, ndione ngati ndabwerera pa nambala yathu. Ndikalephera kubwerera ankangojambula kamtanda pambali n'kundibwezera kope. Mwezi woyamba timitanda tinali ngati kumanda. Mazana anayiwo ananditengera zaka ziwiri. Fodya ndinaleka chaka chomwecho. Musati ndinatembenuka mtima, ndinkangoti ndikagwira pepala kuti ndipichire, ndinkayamba ndayang'ana ngati palembedwa kanthu, chilakolako n'kutha.

Nditamaliza sanandiyamike. Anangoti, "7 wanu mwayamba kulemba bwino." Kuyambira pamenepo masiku ena ndinkakhala nawo pansi pa bwemba popanda wondituma. Sindinganene kuti ndinaikonda nambalayo. Koma ukagawa, n'kuchulukitsa, n'kubwerera ndendende pamene unachokera, mumtima mumakhala bata la mtundu wina. Kumunda ungachite zonse molondola mvula n'kukana. Apa ukalondola walondola.

Kenako kunabwera ngalande za madzi othirira, tinayamba kulima kawiri pachaka. Chakudya chinachuluka, nthawi inachepa. Mwezi wina ankagawa manambala asanu okha. Juliyasi atayamba ntchito ku Lilongwe anawabweretsera kakyuleta, akuti amayi asamavutike. Anaitembenuza uku ndi uku, anayamba kudina 2, 1, 4, 7, 4, 8, 3, 6. Pamenepo inaima. Inkalandira manambala asanu ndi atatu okha, pamene yathu ili ndi khumi.

"Mwana wanga, zikomo," anatero. "Koma mbale yako yachepa. Kapatse ogulitsa tomato."

Mafoni anuwa ndikudziwa angathe, musandiuze. Nthawi imeneyo kunalibe.

Atatsala ndi manambala ngati mazana atatu, maso anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankasendeza kope kufupi ndi mphuno. Kenako ndinkawalembera ndi khala pachitseko chakale, manambala akuluakulu ngati dzanja. Pambuyo pake ngakhale amenewo anasanduka nkhungu. Ndinawauza kuti ndimalize ndine. Anakana.

"Inu mukhale dzanja. Mutu ukhala wanga."

Ndiye zinkayenda choncho. Ine ndinkawerenga mokweza, iwo ankatsinzina n'kumanena kuti ilowa kanayi, lembani, chotserani, tsitsani 3. Ndikachedwa ankagogoda mphasa ndi chala. Ndikalakwitsa kuchotsera ankamva ndi khutu lokha, ine ndisanaone.

Womaliza anali 46,337. Linali Lachinayi m'mawa, mwezi wa Okutobala, mpunga wachilimwe uli pamphasa kuuma. Tinagawa pang'onopang'ono, tinachulukitsa kuti titsimikize. Zinatsala 41,719.

"Zatsala?" anafunsa.

"Zatsala."

"Tsekani kopelo."

Ine ndinkayembekeza kuti aimba kapena alira. Anangopempha madzi akumwa. Ine ndiye ndinalephera kukhala pansi. Ndinavala jekete lija kutentha konseko, ndinamanga makope atatu omaliza panjinga, ulendo wa kusekondale kukaonetsa aphunzitsi a masamu. Ndinkafuna kuti wina wophunzira adziwe zimene mkazi wa Sitandade 6 wachita.

Aphunzitsiwo anali munthu waulemu. Anandipatsa mpando, anatsegula makope, anayesa masamu awiri atatu papepala lawo, onse anagwirizana. Anafunsa kuti zatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndinawauza. Kenako anatsitsa buku lalikulu pashelefu n'kundilozera tsamba lina. Nambala yathu inali pamenepo, yonse, 7 wake ali m'malo mwake.

"Bambo, sindikufuna kukukhumudwitsani," anatero. "Nambala iyi ndi yodziwika. Katswiri wina wa kutsidya kwa nyanja anasonyeza kuti siigawika zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Anali ndi njira yachidule, sanayese onsewa."

Pobwerera njinga sindinakwere, ndinkangoikankha. Ndinkaganiza za zaka makumi awiri ndi zitatu, za maso awo, ndi zoti yankho linali m'buku pamtunda woyenda ola limodzi. Ndinaganiza zongowauza kuti aphunzitsi ayamikira, n'kulekera pomwepo. Koma munthu amene amamva kulakwitsa kwa kuchotsera ndi khutu lokha simungamunamize.

Ndinawapeza pakhonde, kandodo kali m'manja, akuingitsa nkhuku pampunga mongomvera phokoso.

"Mwabwerako, bambo a Juliyasi? Ati bwanji?"

Ndinafotokoza zonse, za buku, za katswiri, za zaka mazana awiri, za njira yachidule. Anamvetsera mutu uli chopendekeka.

"Munthuyo anapeza kuti siigawika?"

"Eya."

"Chimodzimodzi ndi ife?"

"Chimodzimodzi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi amene wamaliza kuchonga.

"Ndiye kuti anakhoza," anatero. "Tandithandizani nkhukuzi, zatha mpunga."